Njira ya Madzi M'injini ya Boti

Ambiri mwa ife pano pa seminale tidakulira kumtunda, ndipo injini imene timaidziwa ndi ya galimoto, ya chigayo, kapena ya jenereta imene imatiunikira magetsi akathima. Tonse tidaonapo dalaivala wa lole ataima pa chitunda, akuthira madzi m'radiyeta uku nthunzi ikuti fooo kumaso kwake. Koma funso limene ndidafunsa anzanga a Folomu 3 tsiku lina pochokera ku phunziro la Physical Science lidawasowetsa chonena. Ndidati, injini ya galimoto imazizira ndi mphepo imene imawomba pa radiyeta galimoto ikamathamanga. Nanga injini imene yatsekeredwa pansi m'mimba mwa boti, kumene kulibe mphepo ngakhale pang'ono, imazizira ndi chiyani? Wina adayankha msanga kuti, "Si ili m'madzi kale?" Ayi ndithu. Boti ndiye lili m'madzi, koma injini ili pouma, ndipo madzi akaifikira mwa njira yosayenera ndiye kuti zinthu zaipa.

Ine kwathu ndi kunyanja, m'boma la Mangochi, ndipo amalume anga ndi amene amayang'anira injini m'boti lamatabwa lonyamula katundu ndi anthu. Asodzi ambiri kwathu ali ndi injini zija zopachika kumbuyo kwa boti, zimene munthu amatha kuzichotsa madzulo n'kukazisunga m'nyumba. Ya amalume si yotero. Ndi injini ya dizilo ya masilinda 4, yomangiriridwa pansi pakati pa boti, ndipo kuchokera pamenepo shafuti imadutsa m'thupi la boti kukazunguza pulopela. Pa tchuthi chilichonse ndimakhala wowagwirira tochi ndi kuwapatsira sipanala. Ndimafunsa kwambiri, mwina mpaka kuwatopetsa, koma iwo eni ake ndiwo amati safunsa adadya phula.

Tiyambe ndi kukula kwa vutolo. Dizilo akamayaka m'masilinda, si mphamvu yake yonse imene imakankha boti. Mongoyerekeza, gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limagwira ntchito, gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limalowerera m'zitsulo za injini ngati kutentha. Kutentha kumeneku kukapanda kuchotsedwa, oyilo amasungunuka n'kukhala ngati madzi, mapisitoni amafufuma n'kukanirira m'masilinda, gasiketi imapsa, ndipo mutu wa injini umapindika kapena kung'aluka. Zonsezi sizitenga tsiku. Mphindi zochepa zimakwana. Mwayi wake ndi wakuti boti limayenda pamwamba pa chinthu chimene chimadziwa kunyamula kutentha kuposa mpweya. Anzanga a sayansi akukumbukira kuti kilogalamu imodzi ya madzi imafuna majuli pafupifupi 4,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi yokha, pamene mpweya umafuna cha m'ma 1,000, komanso madzi ndi olemera kuposa mpweya ka 800. Ndipo madzi a pamwamba pa nyanja yathu amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 chaka chonse. Nkhani yonse tsono ndi ya mmene madziwo angalowere m'boti, kugwira ntchito yake, ndi kutulukanso osamiza anthu.

Madzi amalowera pa kabowo kamene kali pansi pa boti. Inde, boti labwinobwino lili ndi bowo pansi pake, loboola dala. Pa bowopo pali mpopi wachitsulo wokhala ndi chogwirira; chogwiriracho chikaloza kumene paipi ikupita ndiye kuti ndi wotsegula, chikapingasa ndiye kuti ndi wotseka. Amalume sakhudza kiyi wa injini asanagwade ndi kutsegula mpopi umenewu. Kuchokera apo madzi amakwera m'paipi kufika pa sefa, imene ndi kabotolo kokhala ndi kadengu ka mabowo ang'onoang'ono m'kati mwake. Mukatsegula kabotoloko pakatha ulendo mumapeza za m'nyanja zosiyanasiyana: udzu, mchenga, tizigoba ta nkhono, mamba a nsomba, nthawi zina ngakhale kausipa kamene kadasochera.

Pambuyo pa sefa pali pampu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa moyo wa injini yonse yolemera ngati ng'ombe uli pa kanthu kamene kangakwane m'dzanja la mwana. Amakatchula kuti impeller. Ndi kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko ofewa mozungulira, ngati duwa la mpendadzuwa la masamba ochepa. Kamazungulira m'kachipinda kachitsulo kamene si kozungulira bwinobwino, pakuti mbali imodzi adaiphwatalala dala. Phiko lililonse likafika pa mbali yophwatalalayo limapindika. Likangoidutsa limawongoka, mpata wa pakati pa ilo ndi linzake umakula, ndipo madzi amakokedwa kulowa mu mpatawo. Phikolo limawatenga madziwo kuzungulira nawo, ndipo likafikanso popindikira paja mpata umachepa, madzi n'kufinyidwa kutulukira ku paipi ina. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ubwino wa pampu yotere ndi wakuti imatha kudzikokera yokha madzi ngakhale m'paipi mutakhala mpweya pang'ono, ndipo injini ikamathamanga kwambiri nayo imapopa kwambiri, pa nthawi yomwe kutentha kwachulukanso. Kuipa kwake ndi kwakuti labalayo amakhuzana ndi chitsulo nthawi zonse, ndipo chomwe chimamufewetsa ndi kumuziziritsa ndi madzi omwewo amene akupopa. Madzi akasowa, labala amatentha, mapiko amauma n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi. Mphindi imodzi kapena ziwiri zimatha kuwononga impeller yatsopano.

Madzi akachoka pa pampu, m'boti la amalume amayamba adutsa pa kachitsulo koziziritsa oyilo wa giyabokosi, kenaka n'kulowa m'chimene amakanika amati heat exchanger. Kuti muchimvetse, tengani mtolo wa bango wobowoka m'kati, muulowetse m'nsungwi yaikulu. Madzi a m'nyanja amayenda m'kati mwa timabangoto, timene kwenikweni ndi timapaipi ta mkuwa wosakaniza ndi chitsulo china, pamene madzi ena otentha ochokera m'injini amayenda kunja kwake, m'nsungwimo. Madzi awiriwa sakumana. Amangopatsirana kutentha kudzera m'khoma lopyapyala la mkuwa, ndipo ndicho chimene aphunzitsi athu amalemba pa bolodi kuti conduction. Kunena mwachidule, heat exchanger ndi radiyeta ya boti, koma m'malo mwa mphepo pakudutsa nyanja.

Apa mwaona kuti m'injinimo muli madzi a mitundu iwiri, ndipo aliwonse ali ndi njira yake. Oyamba ndi alendo: amalowa, amanyamula katundu wa kutentha, n'kubwerera kwawo kunyanja. Achiwiri ndi eni nyumba, madzi oyera osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri, amene amangozungulira m'injinimo osatuluka. Iwowa ali ndi pampu yawoyawo ya mapiko achitsulo, yoyendetsedwa ndi lamba ngati ya galimoto. Imawakankha kudutsa m'tinjira tozungulira masilinda, kukwera ku mutu wa injini kumene moto umakhala waukali, kufikira pa kachitseko kotchedwa thermostat.

Injini ikangolira kumene m'mawa, kachitsekoka kamakhala kotseka. Madzi a m'kati sapita ku heat exchanger. Amalambalala n'kubwerera ku pampu, kuzunguliranso m'injini momwemo, ndipo chifukwa choti sakuzizira, amatentha msanga. M'kati mwa thermostat muli phula lotsekeredwa m'kachitsulo. (Nditamva zimenezi ndidakumbuka mwambi wa amalume uja, ndipo ndidaseka ndekha.) Madzi akafika cha m'ma digiri 75 kapena 80, malinga ndi mtundu wa injini, phulalo limasungunuka n'kufufuma, limakankha kamsomali, chitseko n'kuyamba kutseguka pang'onopang'ono. Pamenepo ndi pamene madzi otentha amayamba kupita kukapereka kutentha kwawo kwa madzi a m'nyanja. Akazizira mopitirira, phula limalimbanso, sipuling'i imabweza chitseko. Choncho tsiku lonse kachitsekoka kamangosuntha pang'ono uku ndi uku, ndipo muvi wa geji umaima malo amodzi ngati wakhomeredwa.

Pali chizolowezi chimene ndachiona kwa amakanika ambiri, a maboti ndi a galimoto omwe, chochotsa thermostat n'kuitaya. Amati idapangidwira maiko a chisanu, kuno kwathu n'kotentha kale. Ine sindigwirizana nazo, ndipo amalumenso sagwirizana nazo. Kutentha kwa Mangochi mu Okutobala n'kosautsa kwa munthu, koma kwa injini imene idapangidwa kuti izigwira ntchito pa madigiri 80, madzi a madigiri 27 ndi chisanu chenicheni. Injini yozizira siwotcha dizilo yense. Imafuka utsi, imadzaza mwaye m'masilinda, imasungunula oyilo ndi dizilo wosapsa, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Kawirikawiri wochotsa thermostat amakhala akuthawa vuto lina, monga heat exchanger yodzaza matope, limene akadalithetsa ndi waya ndi madzi a sopo.

Wina angafunse kuti, nyanja yathu si ya mchere, bwanji osangolowetsa madzi ake m'injini momwemo, kusiya zonse za madzi awirizi? Zilipo injini zotero, makamaka zing'onozing'ono ndi zakale, ndipo pa madzi opanda mchere zimakhalitsa ndithu. Ku nyanja ya mchere, monga ku Beira kapena ku Dar es Salaam, injini zoterozo amaziyendetsa mozizirirapo, chifukwa madzi a mchere akapitirira madigiri 60 amayamba kusiya zokanirira m'tinjira ta injini, monga zija zimakhala pansi pa ketulo. Ife vuto limenelo ndi lochepa, koma mchenga ndi matope tili nazo, ndipo nkwapafupi kutsuka timapaipi ta heat exchanger kusiyana ndi kutsuka m'mimba mwa injini.

Tibwerere kwa alendo athu aja. Atanyamula kutentha, satayidwa chabe pambali. Amagwiranso ntchito ina yomaliza. Utsi wa dizilo umachoka m'injini uli pa madigiri 400 kapena kuposa, ndipo paipi yotentha chotero siyoyenera kudutsa m'boti lamatabwa, pafupi ndi matumba a ufa, zigubu za mafuta ndi miyendo ya ana. Tsono pa chigongono cha ekizozi madzi aja amalavulidwa m'kati mwa utsi. Utsi umazizira nthawi yomweyo kotero kuti kuchokera pamenepo umayenda m'paipi ya labala imene mungathe kuigwira ndi dzanja. Madzi ndi utsi zimatsikira m'kachigubu kamene kali pansi, madzi amadzadzamo, mphamvu ya utsi imawakankha kukwera nawo, ndipo zonse zimatulukira pamodzi kumbuyo kwa boti. N'chifukwa chake madziwo satuluka ngati pa mpopi koma modukizadukiza: phwa, kenaka kachete pang'ono, phwa. Madziwo amachepetsanso phokoso. Ekizozi ya madzi imalira mofatsa, ngati munthu wolankhula ali ndi phala m'kamwa. Madzi akasowa imasanduka youma ndi yaukali, ngati ya thalakitala.

Injini ikangolira, amalume sayang'ana geji. Amapita kumbuyo kwa boti, amawerama, n'kudikira madzi. Pa masekondi ochepa ayenera kuoneka. Theka la mphindi likatha opanda kanthu, amathimitsa. Ndidawafunsa chifukwa chake sadalira geji, poti ndiyo ntchito yake. Adati, "Mphwanga, geji imakuuza za maliro, ekizozi imakuuza za matenda." Ankatanthauza kuti geji imayeza madzi a m'kati, amene amatenga mphindi zingapo kuti atenthe, ndipo muvi ukamadzafika pofiira impeller idapsa kale, paipi ya labala ya ekizozi nayo yayamba kununkha. Komanso adandichenjeza za mbali inayo: madzi otuluka kumbuyo amangochitira umboni njira ya kunja. Lamba akaduka kapena thermostat ikakanirira chotseka, kumbuyo madzi azituluka bwinobwino pamene injini ikupsa. Choncho maso amayamba kumbuyo, kenaka pa geji, ndipo khutu siligona ulendo wonse.

Pa tchuthi cha mu Ogasiti ndidaziona ndi maso. Tinkawoloka kuchokera tsidya la ku Malindi, chilumba cha Boadzulu chikuonekera chakumpoto, titanyamula amayi a geni ya nsomba ndi madengu awo. Mwera udali utayamba kukoka, wosakwiya kwenikweni koma wolonjeza. Ine sindidamve kusintha kulikonse, koma amalume adadzuka pamene adakhala ngati alumidwa ndi linthumbu, adasuzumira kumbuyo, n'kuthimitsa injini osafunsa munthu. Boti lopanda injini pa mwera silikhala chiloze kutsogolo; limatembenuka n'kupereka nthiti kwa mafunde, ndipo limayamba kugwedezeka moti madzi amakhavukira m'kati. Anthu adayamba kudandaula. Mwini boti, amene tsikulo adali nafe, adati, "Akulu, geji ikadali pabwino, tiyeni tingolimba mtima tikafike, tikakonzere kumtunda." Mayi wina adati nsomba zake zikawola amulipira ndani. Amalume adangoyankha kuti, "Bwana, tikayenda mphindi zisanu tikhala pano mpaka mawa." Adauza anyamata awiri kuti agwire nkhafi aloze mutu wa boti ku mafunde, ine adandipatsa tochi.

Adatseka mpopi wa pansi uja, adatsegula sefa, ndipo idali yoyera. Atatsegulanso mpopi pang'ono, madzi amene akadayenera kutumphuka adangodontha. Chotsekacho chidali kunja. Adachotsa paipi pa mpopi n'kulowetsamo waya, kukankhira pansi, ndipo madzi adabwera mwamphamvu mpaka kutinyowetsa. Patapita kanthawi tidaona jumbo yabuluu ikuyandama pambali pa boti. Idali itamatirira pa bowo chifukwa cha kukoka kwa pampu. Koma sadalize injini. Adamasula tizomangira ta chivundikiro cha pampu, adasolola impeller, n'kuwerenga mapiko ake mokweza. Limodzi padalibe, ena awiri adali ong'aluka m'tsinde. Apa mwini boti adati aike yatsopano tizipita, koma amalume adayamba kufunafuna phiko losowalo, chifukwa kachidutswa ka labala kakapita ndi madzi kamakatseka pakamwa pa timapaipi ta kutsogolo, injini n'kumatenthabe ngakhale pampu ili yatsopano. Adalipeza m'paipi ya pakati pa pampu ndi choziziritsa oyilo. Impeller yatsopano adaitulutsa m'chitini chakale cha mkaka chimene amasungamo zinthu zawo, adaipaka sopo kuti isayambe ntchito youma, adapinda mapiko kulozetsa mbali yoyenera, n'kutseka. Ntchito yonse idatenga mwina theka la ola, koma kwa ine wogwira tochi, boti likupendekeka uku ndi uku, idali ngati Misa ya usiku wa Pasaka. Injini italira, anthu onse amene poyamba sankadziwa n'komwe kuti kumbuyo kumatuluka madzi adatembenukira komweko, ndipo atamva phwa woyamba mayi wa nsomba uja adaimba nthungululu.

Impeller ija amalume adagula ndi ndalama zawo. Ichi ndi chimene chimandiwawa. Eni maboti ena amaona kugula dizilo kokha, chifukwa popanda dizilo boti silichoka pa gombe, koma kalabala kosungira tsiku la tsoka amakaona ngati kutaya ndalama. Opanga injini amalangiza kusintha impeller chaka ndi chaka, ndipo pa madzi a mchenga ngati a m'magombe athu imatha msanga kuposa apo. Makolo amene mumakweza ana anu maboti, kaya ku Makanjira, ku Likoma, ku Chizumulu kapena ku Usisya ndi Ruarwe kumene nyanja ndiyo msewu weniweni, ndiponso inu Abambo amene mumayendera akhristu a m'mbali mwa nyanja, si chipongwe kufunsa woyendetsa ngati ali ndi impeller yapadera. Wodziwa ntchito yake amakondwa ndi funso lotero, ndipo adzakuonetsani.

Za jumbo ija ndinenepo pang'ono. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019, koma aliyense woyenda pa gombe pakatha msika wa nsomba akudziwa zimene zimatsala pa mchenga. Wotaya jumbo ya mandasi m'madzi saganiza kuti ingakaimitse boti la anthu makumi awiri pakati pa mwera. Kumwera kwa nyanja, ku Malombe ndi mu Shire, kulinso namasupuni, amene mizu yake imadzaza sefa pa kanthawi kochepa. Ndi udzu womwewo, pamodzi ndi zinyalala zina, umene wakhala ukutseka polowera madzi pa malo opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Kusiyana kwake ndi kukula kwa sefa basi.

Njira yomweyi ya madzi ili ndi msampha wina umene suonekera. Injini ikamakana kulira, munthu n'kumangopukusa sitata mobwerezabwereza, pampu imakhala ikupopabe madzi kulowa mu ekizozi, koma palibe utsi wamphamvu wowakankhira kunja. Kachigubu kaja kamadzadza, madzi amakwera chobwerera, amalowa pa mavavu mpaka m'masilinda. Mpweya umapanikizika, ndipo ndi mmene dizilo amayakira, koma madzi sapanikizika. Pisitoni ikawagunda, chitsulo chimene chimaigwira chimapindika. Ndiye injini ikakana kawiri katatu, amalume amatseka mpopi wa pansi, n'kuuza mnyamata kuti aike dzanja pa chogwirira, autsegule pomwe injini yalirira. Pa chifukwa chofananacho, injini ikakhala pansi kuposa msinkhu wa nyanja, paipi ya madzi amaikweza m'mwamba ngati uta n'kuikapo kavavu kolowetsa mpweya, kuti injini itazima madzi asapitirire kudzikoka okha monga amachitira mafuta m'paipi ya munthu wopopa m'thanki.

Pofika pa gombe amalume sathimitsa nthawi yomweyo. Amaisiya injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti madzi atsirize kuchotsa kutentha kwa m'mutu mwake, pakuti pampu zonse ziwiri zimaima limodzi ndi injini, ndipo kutentha kotsalira kumatha kuwiritsa madzi amene angoima. Chivundikiro cha thanki ya madzi a m'kati sachitsegula kufikira chitazizira, chifukwa chimasunga mphamvu imene imaletsa madzi kuwira pa madigiri 100, ndipo wochitsegula chotentha amasupuka nkhope. Akatha apo amatsuka sefa, amatseka mpopi wa pansi kuti paipi ikaphulika usiku boti lisamire pa nangula, ndipo kiyi wa injini amamukoleka pa chogwirira cha mpopi womwewo, kuti aliyense wofuna kuliza injini m'mawa ayambe wagwada pamenepo.